Tsiku Limene Ndinafunditsa Anapiye ndi Nsimbi

Ndikukumbukira chisanu cha chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Mzilikazi, m'kanyumba kakang'ono ka lendi, ine, mayi ndi bambo. Chisanu cha ku Bulawayo n'chouma, chimang'amba milomo ndi zidendene. Koma masiku ena kumabwera mitambo yotsika kwambiri, pamodzi ndi kamvula kouluka ngati utsi, kamene sikagogoda padenga koma kamalowa mpaka m'mafupa. Anansi athu ankakatcha umkhizo. Bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ankati ndi chiperoni chimene chawalondola.

Bambo anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale yoluka mabulangete ku Belmont. Iwo sankaluka. Malo awo anali ku boyila, chithanki chachikulu chachitsulo chimene ankachisonkhezera malasha kuti madzi awire n'kutulutsa nthunzi yogwiritsa ntchito m'fakitale monse. Fakitale itatsekedwa, ankadzukabe m'mamawa, n'kupalasa njinga kupita ku Belmont komweko kukadikira maganyu pazipata za mafakitale amene anali asanatsekedwe. Kunyumba ankandiyankhula Chichewa, ine ndinkawayankha m'Chindebele, chifukwa lilime langa linkalemera ndikafuna kuyankhula chakwawo, ngakhale ndinkamva zonse.

Chimene chinkatidyetsa masiku amenewo chinali nkhuku za mayi. Kuseri kwa nyumba kunali chisakasa cha malata akale ndi masaka, ndipo m'menemo mayi ankaweta nkhuku zoyera zanyama. Mwezi wa Juni umenewo anabwera ndi anapiye makumi asanu a tsiku limodzi, m'katoni yoboolaboola. Anapiye otere alibe mayi wowafungatira, ndiye pamwamba pawo pankalendewera babu lalikulu kuti liziwapatsa kutentha. Vuto linali lakuti magetsi ankazima m'mawa n'kubwera pamene afunira. Choncho bambo anapeza njira yawo. Ankatenthetsa madzi mumphika waukulu, n'kuwathira m'zigubu zinayi za malita asanu, n'kuzikulunga m'masaka, kenako n'kuzigoneka pautuchi. Anapiye ankazitsamira mbali zonse n'kugona tulo, makosi atawatambasula.

Ine ndinali mwana wa maloto. Ndinkatha kutumidwa mchere n'kuima panjira, kuyang'ana nyerere zikukoka phiko la njenjete. M'chisakasa muja ndinkakondamo kwambiri. Kuwala kunkalowera m'mabowo a misomali n'kupanga timizere m'fumbi, ndipo anapiye okhuta ndi ofunda ankalira motsitsa onse pamodzi, kaphokoso konga madzi oyenda pansi pa udzu. Ndinkakhala pachidebe n'kumaganiza kuti ndili m'sitima yopita kutali.

Loweruka lina kunacha ndi chiperoni chija, magetsi atazima kale. Anapiye anali ndi masiku anayi. Mayi ankapita ku Thorngrove kukazonda mng'ono wawo amene anagonekedwa m'chipatala, ndipo bambo anali atapeza ganyu yotsitsa matumba. Asanachoke anadzaza okha zigubu zija, n'kundiuza kuti ndisinthe madzi nthawi ya masana, ndiwasinthenso dzuwa likapendeka. Madzi ake anali omwewo, chifukwa mipopi inali youma ndipo tinkatunga kumjigo wakutali. Unkatsanulira ozizirawo mumphika, kuwatenthetsa, n'kuwabwezera m'zigubu. Anandionetsa nkhuni zimene anawaza, nandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva.

Masana atakwana ndinakoleza moto pabwalo lakuseri, pakati pa njerwa, n'kuteleka mphika wodzaza. Nkhuni zinali zamnyontho, zinkangofuka. Ndili chikhalire pamenepo anatulukira Sithembile, mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, atavala chipewa chaubweya cha mchimwene wake. Tsikulo kunali mpira waukulu kubwalo la Barbourfields. Ana a ku Mzilikazi tinkadziwa kuti mpira ukatsala pang'ono kutha alonda amatsegula zipata ndipo aliyense amalowa ulere. Koma chosangalatsa chenicheni chinali kufika msanga, kuona anthu akutsika m'makombi, maminibasi a kumeneko, ali ndi ng'oma ndi malipenga.

"Asambe," anatero Sithembile, kutanthauza kuti tiyeni tizipita.

Ndinamuuza kuti adikire madzi atenthe. Tinadikira. Ndinapisa chala mumphika, madzi anali ozizira ngati sanaone moto. Tinaimba nyimbo ziwiri, ndinapisanso, anali atangochoka chisanu. Kutali kunayamba kumveka malipenga. Pamenepo ndinafuna kukankha kachitsulo kamene mphika unakhalirapo, ndipo kanandiotcha chala mpaka ndinalumpha. Ndikuyamwa chala chija, nzeru inandibwerera, ndipo inandibwerera mokoma, ngati munthu wandinong'oneza. Moto ndi womwewu, madzi akadali ozizira, chitsulo chatentha kale. Nanga n'kuvutikiranji ndi madzi?

M'nyumba munali nsimbi ziwiri zakale za agogo, zija zachitsulo chokhachokha zimene amazitenthetsa pamoto asanasite. Ndinaphula mphika, n'kuika nsimbizo pamakala. Posakhalitsa ndinalavulirapo ndipo malovu anavina n'kuzimirira. Ndinazinyamula ndi fosholo, n'kuziika m'chisakasa pamwamba pa njerwa, n'kuziphimba ndi saka. Saka linanunkha kupserera, koma silinayake. Mpweya wotentha unandiwomba kumaso kuposa mmene zigubu zinkachitira. Ndinaona ngati ndawaposa bambo nzeru. Ndinatseka chitseko, n'kuthira dothi pamoto, ndipo tinathamanga.

Za masana amenewo ndimazikumbukira ngati zimene munthu amaona atagona ndi malungo. Kamvula kaja kanaphimba nsonga za mitengo, ndipo anthu ankatulukira m'nkhungu atafunda mbendera, nkhope zopakapaka, n'kulowanso m'nkhungu. Tinakhala pakhoma lalifupi kunja kwa bwalo, titafunda juzi imodzi. Mpira sitinkauona, tinkaumva. Nyimbo inkayambira mbali imodzi, motsitsa, n'kuzungulira bwalo lonse mpaka khoma limene tinakhalira linkanjenjemera. Kenako kunkati zii, ngati anthu onsewo apuma mpweya umodzi, kenako n'kuphulika. Ndinatseka maso n'kumaganiza kuti mitambo ndi imene ikuimba. Zipata zitatsegulidwa tinalowa ndi khamu, ndipo ndinaona kapinga wobiriwira kwambiri pakati pa tawuni youma, ndi anthu ang'onoang'ono akuthamanga pamwamba pake. Za dzuwa kupendeka sindinazikumbukire, chifukwa tsikulo dzuwa kunalibe.

Nditafika kunyumba ndinapeza njinga ya bambo itagona pansi pakhomo. Iwo sankaigoneka pansi njinga yawo. Ndinazungulira kuseri, ndipo m'chisakasa munalibe phokoso lililonse.

Bambo anali atanjuta pakona, akadali ndi fumbi la matumba m'tsitsi. Anapiye onse anali ataunjikana pakonapo, mulu umodzi, ena pamwamba pa anzawo. Bambo ankawachotsa mmodzimmodzi. Amene ankagwedeza mwendo ankawaika m'chipewa chawo, amene anali atauma ankawaika pambali. Sanacheuke. Anangotambasula dzanja n'kukhudza nsimbi ija, kenako anandiuza kuti nanenso ndiikhudze. Inali yozizira kuposa njerwa imene inakhalira.

Anandituma kukoleza moto msanga, ndipo anathyola bokosi lamatabwa limene ankasungiramo zida kuti tipeze nkhuni zouma. Mphika waukulu anaukana. Anati titenthetse madzi pang'onopang'ono m'mapoto ang'onoang'ono, kuti chigubu choyamba chidzaze msanga. Madzi ali pamoto, anamasula mabatani a malaya awo n'kulowetsamo anapiye ofooka kwambiri. Ine anandiuza kuti ndipisire juzi yanga m'siketi, ndipo anandithira anapiye asanu ndi mmodzi pamimba.

"Khala phee," anatero. "Nawenso ndiwe chigubu cha madzi ofunda."

Ndinakhala pachidebe, misozi ikutsika. Tizipalapaso tawo tinali tozizira ngati waya. Kwa nthawi yaitali sanasunthe. Kenako kamodzi kanandikanda pamchombo, kena kanalira mofooka pansi pa nthiti zanga. Zigubu zitadzaza tinawatsamiritsa onse amoyo, ndipo kaphokoso kaja kanayambanso, kochepa. Amene anafa anali khumi ndi anayi. Bambo anawayala pasaka, achikasu, opepuka ngati thonje.

Mayi anafika kusanade. Anaona sakalo, anaona nsimbi, ndipo sanafune kufotokozeredwa zambiri. Anathyola shamu pamtengo wa pichesi n'kundikwapula m'miyendo kangapo, akulira iwonso, akunena kuti tsiku lonse akhala akuyang'ana m'bale wawo akulephera kupuma, ndiye afike kunyumba apeze izi. Anandilamula kuti sabata yonse madzi a kumjigo ndikatunga ndekha ndi wilibala. Bambo sanalowerere. Shamu itatayidwa anandifunsa modekha chifukwa chimene ndinasankhira nsimbi. Ndinayankha m'Chindebele, ndikusisima, kuti chitsulo chimatentha kwambiri kuposa madzi, ndiye ndinkaganiza kuti anapiye afunda bwino.

Bambo anatembenukira kwa mayi. "Amake Esinati, za kuthawira ku mpirazo mwalanga, zatha. Koma mwanayu ali ndi chinthu china m'mutu chimene shamu singachichotse. Mundibwereke mawa."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunali kutayera, kuli kadzuwa kopanda mphamvu. Bambo anatulutsa sikelo ya mayi yoyezera nkhuku. Anayeza nsimbi imodzi, kenako anathira madzi m'poto mpaka madziwo analemera mofanana ndi nsimbiyo. Anayala makala mofanana, n'kuika poto mbali ina, nsimbi mbali ina, nandiuza kuti ndiwerenge mpaka handiredi kawiri. Nditamaliza anadonthezera madzi pansimbi ndipo anati tswee. M'poto ndinapisamo chala osapsa.

"Moto unali umodzi, Naphiri," anatero. "Wa m'potowu wapita kuti?"

Ndinati wathawira m'mbali. Anapukusa mutu. Anandituma kope langa lakale, anang'ambamo pepala, nalipinda ndi zala zawo zokhakhala mpaka linakhala kabokosi. Anathiramo madzi, anayatsa kandulo, n'kugwira kabokosiko pamwamba penipeni pa lawi. Ndinadikira kuti kayake. Lawi linanyambita pansi pake, pepala linada ndi mwaye, masamu anga a long'i divishoni akuonekabe m'mbali mwake, koma silinayake. Patapita kanthawi timathovu ting'onoting'ono tinayamba kumatirira pansi, ndipo kanthunzi kopyapyala kanakwera. Ndinaiwala miyendo yowawa. Ndinayang'ana madzi aja, ndinayang'ana bambo, ndipo kwa kanthawi ndinaopa kuti mwina bambo anga ndi amatsenga.

Anaseka, nandiuza kuti palibe matsenga. Madzi akuulanda motowo pepala lisanaumve. Anati madzi ali ndi mimba yaikulu. Amameza moto wambiri asanavomere kuti atentha, ndipo motowo suthawa, umakhala momwemo. Chitsulo mimba yake ndi yaing'ono, chimakhuta msanga n'kuyamba kuotcha, koma chimene chasunga n'chochepa ndipo chimachitaya msanga. Anandifotokozeranso zimene anawerenga m'chisakasa muja. Poyamba nsimbi zinatentha mopitirira, anapiye anazithawa n'kukapanikizana pakona. Kenako zinazizira, ndipo anakwerana pofuna kufunda, apansi n'kubanika.

Kuti ndisangokhulupirira mawu awo, anamiza nsimbi m'mphika wa madzi owira mpaka inatentha mofanana ndi madziwo. Anaivuula n'kuikulunga m'thaulo. Anathira madzi a mumphika womwewo m'botolo, olemera ngati nsimbiyo, nalikulunga m'thaulo lina. Zonse anaziika pakhonde, n'kunena kuti tsopano tidikire.

Kudikira kumeneko ndi kumene ndimakukumbukira kwambiri. Tinakhala pamasitepe, misana itatsamira khoma, ndipo ine ndinawafunsa ngati boyila yawo inkachedwanso kutentha. Ndinafunsa m'Chichewa, mawu akupunthwa, ndipo iwo sanandikonze. Anayamba kusimba. Anati Lolemba ankafika anthu ena onse asanafike, n'kuyamba kuponya malasha, fosholo pambuyo pa fosholo, kamuvi ka pageji yoyezera mphamvu ya nthunzi kali chiimire ngati kafa. Munthu wachilendo akanati motowo ukungowonongeka. Kenako chithanki chonse chinkayamba kung'ung'udza pansipansi, mapaipi ankagogoda imodzi pambuyo pa inzake mpaka kumapeto kwa fakitale, ndipo oluka akamafika ankapeza nyumba yonse ikupuma. Lachisanu madzulo ankazimitsa moto. Koma tsiku lina anapitako Lamulungu kukatenga jekete limene anaiwala, ndipo anapeza amphaka asanu atagona motsamira khoma la boyila, khomalo likadali lofunda, masiku awiri moto utazima.

Ndinawaona amphakawo bwinobwino, m'chinyumba chachikulu chopanda anthu, kuwala kukutsika kuchokera m'mawindo a kudenga, ubweya wa mabulangete ukuyandama mumpweya. Sindinalowemo m'fakitale imeneyo ngakhale kamodzi, koma mpaka lero ndimaiona ngati malo amene ndinakhalamo. Bambo anasimba za anzawo a ku Zambia ndi ku Mozambique amene ankalankhula nawo Chilapalapa, za mmene ankaphikira tiyi ndi nthunzi yotuluka pampopi wina, za tsiku limene mzungu woyang'anira anawafunsa iwo chochita paipi itaphulika. Mayi anatuluka ndi beseni la zovala, anaima pakhomo kumvetsera, n'kubwereranso m'nyumba osayanika.

Mthunzi wa pichesi utafika pamasitepe, bambo anati ndikamasule mathaulo. Nsimbi inali itatsala pang'ono kuzizira. Botolo ndinaliika patsaya ndipo linali lofunda bwino, ngati dzanja la munthu.

Masabata awiri otsatira, ndikaweruka kusukulu, zigubu zinali ntchito yanga. Mphika sunasinthe, unkachedwa monga kale. Koma tsopano ndikakhala pambali pake ndinkadziwa kuti muli zochitika. Ndinkaganizira moto ukulowa m'madzi pang'onopang'ono n'kukapeza pokhala, ndipo ndinaphunzira kumva kaphokoso koyamba kamene mphika umachita usanawire. Anapiye makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi aja anamera nthenga, anakula, ndipo mayi anawagulitsa onse. Za khumi ndi anayi aja sanazitchulenso, ngakhale ndikudziwa kuti mwezi umenewo tinadya masamba opanda mafuta chifukwa cha ine.

Ndili Fomu 3, aphunzitsi a sayansi analemba nkhani yomweyi pabolodi, ndi dzina lake lachingerezi ndi manambala ake. Anati kuti kilo ya madzi itenthe mofanana ndi kilo ya chitsulo, madziwo amafuna kutentha kochuluka pafupifupi kasanu n'kanayi. Anzanga ankaloweza, ine ndinkangomwetulira. Madzulo ndinawauza bambo. Anafunsa kawiri ngati ndikunena zoona kuti zimenezi zili m'buku, kenako anandiuza kuti ndiwaonetse tsambalo. Chingerezi cha m'menemo sankachimva, koma analiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa nambala.

"Kasanu n'kanayi," anatero. "Ine ndinkati kakhumi. Sindinaphonye kwambiri."

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo bambo anatisiya. Pamene ndinali mwana ndinkaganiza kuti Lamulungu lija anandikhululukira chifukwa anali munthu wofatsa. Tsopano ndikuona kuti anaona zolakwa ziwiri pamene tonse tinkaona chimodzi. Ndinathawa ntchito, inde, ndipo chimenecho chinayenera shamu. Koma ndinalinso nditaganiza, ndi nzeru zonse zimene ndinali nazo, n'kuganiza molakwika. Akanangondimenya, ndikanasiya kugwira nsimbi chifukwa cha mantha, koma mumtima ndikanakhulupirirabe kuti ndinali wolondola ndipo tsoka lokha ndi limene linandigwera. Iwo anataya tsiku lawo lopuma, makala a sabata yonse ndi kandulo imene tinkaisunga, kuti dzanja langa lomwe likhudze ndi kuvomereza. N'chifukwa chake mwana wanga akaononga chinthu, ngakhale mtima utandiwawa chotani, ndimayamba ndamufunsa chimene amaganiza pochita zimenezo, ndipo ndimadikira mpaka ayankhe.